Odi kwa Ba Landilodi

Ana anga, mwakhala mukundivutitsa kuti ndilembe za ntchito yanga ndisanaiwale, ndiye ndi izi ndalemba. Za ubwana wanga ku Kanyama ndazidumpha. Munthu amene anakulira pansi pa makina osokera a bambo ake, pakhonde la sitolo ya mwini, alibe nkhani ina koma ya singano zolowa kumapazi. Ndikupempheni chinthu chimodzi: musandiyese wabodza monga amachitira amayi anu. Zonse zili muno zinachitikadi, ndipo mboni ndili nazo zambiri, kungoti pafupifupi zonse zinasamukira kumanda a ku Chingwere. Amene akukayika apite akazifunse. Sizitsutsa.

1981

Ntchito imeneyi ndinaipeza molakwitsa. Kampani ina yaikulu ya boma inali ndi kalabu ya mabwana ake cha ku Makeni: bala ya mowa, dziwe losambiramo, bwalo la udzu, ndipo kuseri kwake khola la akavalo. Ine ndinapita kukafunsa ntchito yotchetcha udzu. Woyang'anira khola anali mzungu wokalamba amene tinkamutcha Bwana Chipewa, chifukwa palibe anaonapo mutu wake. Ena ankati chipewacho anabadwa nacho, ndipo ine ndilibe umboni wotsutsa zimenezo. Anandifunsa ngati ndinaonapo kavalo. Ndinati inde, awiri. Sindiname: kalendala ya kunyumba kwathu inali ndi akavalo awiri. Anandipatsa fosholo ndi wilibala.

Zaka zoyamba ndinali munthu wa ndowe. Ndowe imene ndinachotsa nthawi imeneyo, ikanaunjikidwa malo amodzi, anthu a kuno ku Chawama akanasiya kuona dzuwa likamalowa. Pang'onopang'ono ndinaphunzira kupesa kavalo, kumuchotsa timiyala kuziboda, kumuika chishalo, ndi kudziwa za mumtima mwake poyang'ana makutu. Kavalo amayankhula ndi makutu. Akawagoneka kumbuyo mpaka kumamatira pakhosi, ndiye kuti wanena kale zonse, chatsala ndi mano.

Mnzanga pa ntchitoyo anali Chanda, Mbemba wa kumigodi ya ku Kopala, wamtali, woonda, wopupuluma pa chilichonse. Zaka zimenezo zinali za mizere: mzere wa ufa, mzere wa sopo, mzere wa mafuta ophikira aja a saladi. Tsiku lina amayi anu anaima pamzere kuyambira m'mawa, atafika kutsogolo anapeza kuti ndi wa katemera wa agalu. Anabwera kunyumba atakwiyira ine, chifukwa galu tinalibe. Koma kukhola madeya sankasowa, pakuti kampani inali ndi zigayo zake, ndipo akavalo ankanenepa ife tikuboola mabowo atsopano pamalamba.

Bwana Chipewa atapuma ntchito n'kubwerera kwawo, m'malo mwake munabwera Mai Lungu, mayi wa konkuno amene anaphunzira za ziweto kukoleji. Anali wamfupi, wa mawu ochepa, ndipo pa mabwana onse amene ndinawagwirirapo ntchito, ndi iwo okha amene ankanyamula nawo ndowa ikalemera.

1989

Chaka chimenecho lole inatsitsa kavalo wofiirira wa banga loyera pamphumi, wochokera kwa mlimi wina wa ku Mazabuka amene ankasamuka. Anaperekedwa ulere, ndipo tinayenera kudabwa pomwepo. Anali mfule, ndiko kuti wofulidwa, koma anamufula mochedwa, atakhala kale zaka zambiri ali mwamuna wa khola lonse. Mpeni unachotsa zimene unatumidwa kukachotsa, koma uthenga sunafike kumutu. Iye ankadziwabe kuti zonse ndi zake.

Anayamba ndi kulanda chomweramo madzi. Si kuti anali ndi ludzu ayi. Anangoima pamenepo, makutu kumbuyo, khosi atalitsitsa ngati njoka, n'kumathamangitsa kavalo aliyense woyandikira. Kenako analanda mthunzi wa mtengo wa mango. Kenako geti. Chanda, amene ankachita lendi kachipinda ku Linda kwa mayi wina wokhoma pompi ndi loko, anamuyang'ana nthawi yaitali nati: "Ba Jafali, iyi si hosi. Aba ni ba landilodi. Mailo bazakhoma na toileti." Dzina linakhala lomwelo. Papepala panali dzina lina la Chingerezi, koma linafa tsiku lomwelo, ndipo kuyambira pamenepo tinayamba kuwatchula mwaulemu, monga umatchulira munthu amene angathe kukutayira katundu panja.

Ba Landilodi analuma Chanda paphewa. Analuma wophika wa kukalabu. Analuma bwana wina wa maakaunti pathumba lakumbuyo, ndipo bwanayo anatha sabata akuwerengera ndalama za kampani ali chiimire. Wilibala yanga anaiponda ndi miyendo yonse iwiri yakumbuyo, inauluka n'kukatera kutsidya kwa msewu wa Kafue, ndipo anthu odutsa kumeneko amati tayala lake likuzungulirabe mpaka lero. Koma choopsa kwenikweni chinali m'kachipinda kawo ka m'khola. M'menemo munthu sankalowa. Chakudya tinkachita kuwaponyera kudzera pamwamba pa chitseko ngati tikudyetsa mkango.

Chanda anabwera ndi chikoti. Mai Lungu anamulanda n'kuchikhomera mu ofesi.

"Mukammenya," iwo anatero, "aphunzirapo chinthu chimodzi chabe: kuluma msanga musanakweze dzanja."

Anaitana dokotala wa ziweto, amene anatenga magazi kuti aone ngati pofula paja china chinatsalira m'kati, n'kuyang'ananso mano ndi msana, chifukwa kavalo womva ululu amakhalanso waukali. Sanapeze kanthu. Thupi linali bwino, vuto linali khalidwe. Ndiye Mai Lungu anaika malamulo awo. Zomweramo madzi zikhale zitatu, motalikirana, pakuti landilodi mmodzi sangalondere mapompi atatu. Azidya payekha, kutali ndi anzake. Pasapezeke wompatsa chakudya pamanja. M'mawa uliwonse azithamanga mozungulira pachingwe chachitali mpaka thukuta, kuti mphamvu zipeze kopita. Zinathandiza ndithu. Akavalo anzawo anayamba kumwa madzi mwamtendere, ndipo mthunzi wa mango unagawidwa. Koma chitseko cha kachipinda chija chinakhalabe malire a dziko lina.

1990

M'nyengo yozizira Ba Landilodi anadwala m'mimba. Mudziwe kuti kavalo satha kusanza. Mimba ikamupota amafuna kugona pansi n'kumagubuduka, ndipo akatero matumbo angathe kupotana, basi wapita. Chofunika ndi kumuyendetsa mpaka dokotala afike. Tsikulo galimoto ya dokotala inalibe mafuta, ndipo amene anali pafupi ndi chingwe ndinali ine. Tinayenda kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Tinayenda mtunda wokafika ku Katete n'kubwerako, koma wonsewo mozungulira mtengo umodzi wa mango. Chakumasana anatopa kwambiri, moti anatsamiritsa mphumi yawo pamsana panga, n'kumanditsatira choncho ngati munthu wakhungu. Mutu wa kavalo ndi wolemera, ana anga. Sindinausunthe. Dokotala anafika panjinga, anawabaya, ndipo anapulumuka.

Atachira, m'mawa wina ndinafika pachitseko chawo ndi ndowa ya madeya, maganizo ali kwina. Agogo anu anatilera mwa kwawo ku Malawi: sulowa pakhomo la munthu usanaodire, ndipo ukaodira umaima panja mpaka akuyankhe, ngakhale kukugwa matalala. Iwo ankaodira ngakhale pakhola la nkhuku. Ndiye pakamwa panga panangotuluka pokha: "Odi!" Ndipo ndinaima, monga mwa chizolowezi, kudikira. Ba Landilodi anatembenuka, anandiyang'ana, makutu anadzuka. Anapemerera m'mphuno, n'kubwerera m'mbuyo mpaka kukhoma, kusiya malo pakhomo. Munthu woleredwa bwino amadziwa "lowani" ngakhale atanenedwa ndi mphuno. Ndinatsegula, ndinalowa, ndinaika ndowa pansi. Ndinatuluka ndi ziwalo zanga zonse.

Mai Lungu atamva, anabwera kudzaonerera. Anati chimene chikugwira ntchito si liwulo ayi, koma kudikirako. Moyo wake wonse kavaloyu anthu ankamulowera modzidzimutsa, ena ndi zingwe, ena ndi zikoti, ena ndi mpeni uja. Tsopano wapeza munthu amene amaima kaye n'kumupatsa mpata woti adzichotse yekha panjira. Ine ndinati, "Mai, nkhani ndi ulemu. Landilodi aliyense amafuna odi." Anati tonse awiri tikunena chimodzi.

Chanda anayesa mawa lake. Koma iye anaodira odi wa mu komboni, uja munthu amamunena ali kale pakati pa nyumba, atakhala pampando, akufunsa ngati tiyi alipo. Anafuula "Odi!" phazi lili kale m'kati. Anatuluka liwiro, mwendo umodzi wa buluku utatsala m'kamwa mwa eni nyumba.

"Awe mwandi! Nakamba odi ine! Simunamvele?"

"Wakamba uli mukati, Chanda. Bayankha?"

"Manje hosi iyankha bwanji? Nilibe nthawi yochezela na nyama. Ni banu aba, mudala. Ine nili na buluku imozi chabe."

Kuchokera tsiku limenelo Ba Landilodi anakhala ntchito ya ine ndekha. Aliyense anakondwa nazo, pakuti panalibenso wolumidwa. Inenso ndinakondwa. M'mawa uliwonse ndinkagula kachidutswa ka nzimbe pamsika wa Chawama n'kuwaikira m'ndowa, ndipo iwo ankadziwa kuyenda kwanga ndikadali kugeti lakumsewu.

1992

Chimene sindinachione msanga n'chakuti pa katundu wawo uja, madzi, mthunzi ndi geti, Ba Landilodi anali atawonjezerapo chinthu china: ine. Ndikayamba kupesa kavalo wina, ankaponda matabwa mpaka malata kulira. Tikakhala kubwalo ankaima pakati pa ine ndi chamoyo chilichonse, kaya kavalo, kaya munthu, kaya nkhuku. Nthawi ina anathamangitsa chithunzithunzi changa chomwe, chifukwa chinanditsatira moyandikira kwambiri. Chanda anaona ndi maso ake.

Tsiku lina amayi anu anandibweretsera mbatata kuntchito. Tinaima pampanda, iwo n'kundigwira paphewa kuti andichotse kaudzu. Sitinamve n'komwe kubwera kwawo. Tinangoona khosi ladutsa pamwamba pa mpanda, mano n'kutsekera pampango wa kumutu kwa amayi anu. Mpango unapita. Chikhala kuti anatsika pang'ono, bwenzi lero amayi anu akumva ndi khutu limodzi. Anafunda chitenje kumutu, anayang'ana kavalo, anayang'ana ine.

"Bambo ake Twaibu, chipembedzo chathu chimalola anayi, inde. Koma anayiwo ndi akazi, si miyendo. Mukanandiuza kuti ndili ndi mkazi mnzanga."

Tinaseka, koma Mai Lungu, amene anaona zonse ali pakhomo la ofesi, sanaseke. Anandiitana madzulo.

"Ba Jafali, kavalo wa munthu mmodzi ali ndi moyo umodzi ndi munthuyo. Mukadwala imwe, adya chiyani? Mukachoka?"

"Ndingapite kuti, Mai? Kampani ya boma siifa."

Ndinanena choncho, ndipo nthawi imeneyo zinkamveka ngati nzeru. Mai Lungu anayesetsa kuti Chanda azilowako masiku ena, koma Chanda ankakonda buluku lake, akavalo ena anali ambiri, ndipo chinthu chimene chikuyenda bwino anthu sachigwira.

1995

Boma latsopano linali litanena kuti zonse zigulitsidwe, ndipo zinayamba kugulitsidwadi. Mizere ija inatha. M'masitolo munadzaza katundu, m'matumba mwathu munadzaza mphepo. Misewu ya m'tauni inadzaza zovala zakale za salaula ndi maminibasi, ndipo aliyense amene anachotsedwa ntchito anakhala wamalonda, moti ku Chawama ogulitsa tomato anachuluka kuposa tomato. Kampani yathu yosafa ija inaikidwa pamsika. Kunabwera amuna a masuti, n'kumamata nambala pa chilichonse: mipando ya kubala, mafiriji, fosholo yanga. Mmodzi anafuna kumata nambala pa Ba Landilodi. Nambalayo anaimeza, pamodzi ndi theka la tayi.

Mabwana okwera akavalo aja anachotsedwa ntchito mmodzimmodzi. Bala inatsekedwa. Dziwe losambiramo linabiriwira, achule n'kulowamo popanda kulipira umembala. Zigayo zitagulitsidwa, madeya anasiya kubwera. Ine ndi Chanda tinkamweta udzu m'mbali mwa msewu n'kuusenza pamutu. Mai Lungu ankagula mchere wa akavalo ndi ndalama za m'thumba mwawo. Ndipo amayi anu, amene sanaiwale za mpango uja, ankatola masamba a kabichi otayidwa pamsika n'kundimangira m'thumba m'mawa. Ankati, "Kapatseni mkazi mnzanga, asanene kuti ndine wouma mtima."

Zinalinso zaka za maliro. Wophika uja anapita, mlonda wa pageti anapita, anyamata a kudziwe onse awiri anapita, ndipo tinkatha Loweruka lililonse tili kumanda. Sindilemba zambiri pa zimenezo. Inu akuluakulu mukukumbukira mmene nyimbo zinkamvekera mbali zonse za komboni.

Akavalo abwino anagulidwa msanga. Otsala, okalamba ndi opunduka, ankatengedwa ndi lole ya ku famu ina yoweta ng'ona. Ndinakweza ndekha pa loleyo kavalo wamkazi wokalamba amene anaphunzitsa kukwera ana a mabwana onse a kampani. Anakwera mwaulemu, osavuta, poganiza kuti akupita kuchionetsero monga kale. Dalaivala anandifunsa ngati chingwe ndikuchifuna. Anati kumene akupitako sichifunika.

1996

Pomaliza m'khola lonse munatsala Ba Landilodi okha. Mbiri yawo inali itafika patali, ndipo panalibe wowafuna. Bambo wa suti amene ankatseka kampaniyo anati lole ya ng'ona ibwera mwezi ukatha.

Mai Lungu anayendayenda mpaka anapeza mayi wina wa famu ya ng'ombe ku Chisamba, amene ankafuna kavalo wamphamvu woyendera madambo. Anabwera ndi wantchito wake, Mtonga wofatsa dzina lake Hamweemba. Ndinawakwera Ba Landilodi pamaso pawo, ndipo tsiku limenelo anayenda ngati madzi. Mayiyo anakondwa. Kenako anauza Hamweemba kuti akawaveke chingwe kumutu. Hamweemba anangofika pafupi ndi pamene ndinaima ine, mano n'kuphonya khutu lake pang'onong'ono.

"Kavalo ndi wabwino," mayiyo anatero, "koma ndi wa bambo awa, si wanga. Antchito ndili nawo okwanira, nyumba ya wina ndilibe. Ndikufuna kavalo woti aliyense wa anthu anga angamugwire. Ndibweranso mwezi usanathe. Hamweemba akamukweza yekha pa lole, ndimutenga. Zikakanika, pepani."

Atapita, Mai Lungu anandiitanira mu ofesi, mmene munali mutatsala mpando umodzi. Anandipatsa ine, iwo n'kuima.

"Ba Jafali, vuto lomwe latsala si kavalo. Ni imwe."

Anafotokoza bwinobwino. Malinga ndilipo, Ba Landilodi safuna munthu wina, ndipo aliyense woyandikira amamuona ngati wakuba. Ndisiye kuwadyetsa. Ndisiye kuwapesa. Ndisalowenso m'kachipinda kawo, ndisawayankhule, nzimbe ithe. Zabwino zonse zizichokera m'manja mwa anthu ena. Ndipo akabwera kwa ine, ndiwathamangitse.

"Kapena," anatero, "khalani naye bwino mwezi uno, mudyere limodzi nzimbe, ndipo tsiku likafika mumukweze nokha pa lole ya ng'ona ija. Kwa imwe akwera bwino. Sindikukakamizani. Sankhani."

Ndinafika kunyumba osadziwa njira imene ndadzera. Ndinawauza amayi anu. Ndinati kavalo ameneyu anthu onse anamuchitira nkhanza, munthu mmodzi yekha ndiye anamukhulupirira, ndiye munthuyo akamutembenukirenso? Si bwino kuti afe akudziwa kuti anali ndi mnzake? Amayi anu anali akusankha nyemba.

"Twaibu ndinamuletsa kuyamwa ndi tsabola," anatero. "Anandiyang'ana ngati ndamugulitsa. Iye analira, ine ndinalira koposa, kuseri kwa nyumba. Lero ali ndi ndevu. Inu mukufuna afe akukukondani, kapena akhale moyo atakukwiyirani? Chifukwa choyambacho ndi chokomera inu."

M'mawa mwake ndinadutsa pamsika osagula nzimbe.

Ntchito yoyamba inali kuphunzitsa Chanda kudikira, ndipo ndikunenetsa kuti kuphunzitsa kavalo n'kosavuta. Ndinamuimika pachitseko ndi ndowa, ine n'kubisala kuseri kwa thanki ya madzi. "Odi!" Ba Landilodi anatembenuza msana. Chanda anayang'ana kumene ndinali. Ndinamukodola kuti aime pomwepo. Lamulo linali lakuti ndowa isatsike mpaka eni nyumba abwerere m'mbuyo okha. Akagoneka makutu, Chanda achoke ndi ndowa yake, asiye udzu ndi madzi basi, n'kubweranso pambuyo pake. Masiku oyamba Chanda anaima pachitseko chija nthawi yaitali moti mbalame inamanga chisa pachipewa chake, inaikira mazira, ana n'kuuluka. Munthu amene sankatha kudikira kuti tiyi azizire. Sanadandaule ngakhale kamodzi, ndipo nthawi imeneyo n'kuti akutsokomola kale chifuwa chimene chinadzamutenga chaka chotsatira.

Ba Landilodi anakana madeya. Ankaima pachitseko n'kumaitana. Kavalo ali ndi kulira kwina kumene amalirira mnzake wotayika, kokwera kenako n'kutsikira m'mimba. Ine ndinkagwira ntchito kumapeto kwa bwalo, kuzula mapolo a mpanda amene anali atagulidwa, ndipo kulirako kunkandipeza komweko. Nthiti zawo zinayamba kuoneka. Kangapo ndinaponya chitsulo pansi n'kuyamba kuyenda cha kukhola, koma ndinkapeza Mai Lungu ataima panjira.

Tsiku lina masana Chanda anawatulutsa kubwalo, iwo n'kumusomphola chingwe m'manja. Ine ndinali nditawerama pampopi, ndikusamba m'manja. Ndinamva ziboda, kenako zinaima. Kenako ndinamva kulemera kuja pamsana panga. Anatsamiritsa mphumi, n'kupuma mpweya wautali, ngati munthu amene wafika kwawo. Ndinaona Mai Lungu ali pakhonde, ndinaona Chanda ataima chapatali. Pafupi nane panali thumba lopanda kanthu. Ndinalitola, ndinatembenuka, ndinalikupiza pamaso pawo n'kufuula:

"Choka iwe!"

Zaka zonsezo ndinali ndisanawanenepo kuti "iwe". Analumphira m'mbuyo. Anaima, khutu limodzi kutsogolo, lina kumbuyo, kuyang'ana ngati mwina kumbuyo kwanga kuli munthu wina amene wanena mawuwo. Anabweranso pang'onopang'ono, mutu uli pansi. Ndinakupizanso thumba. "Choka! Sindikufuna!" Sanagoneke makutu, sanaonetse mano. Ndikanakonda akanandiluma. Anangotembenuka n'kupita kukaima pansi pa mango, chingwe chikukokeka m'fumbi. Chanda anapita n'kuchitola, ndipo iwo anamulola.

Mawa lake Chanda anaodira, anadikira, ndipo ndili kuseri kwa thanki ndinamva kupemerera kwa mphuno kuja. Chitseko chinatseguka. Patapita nthawi Chanda anatuluka ndi buluku lathunthu, n'kubwera kumene ndinali. "Bayankha, mudala," anatero monong'ona. "Baniuza ati ngena." Pambuyo pake Mai Lungu anaodiranso, analowa. Anaitana mlonda watsopano, anaitana mayi wosesa, anaitana ngakhale bambo wa suti uja, amene anaodira atavula tayi. Aliyense ankaima, kudikira yankho, kulowa, kuika ndowa. Ba Landilodi anayambanso kudya. Ndikadutsa chapatali ankadzutsa mutu n'kunditsatira ndi maso, koma sanabwerenso.

Tsiku la mayi wa ku Chisamba litafika, Mai Lungu anandilowetsa m'chipinda chosungiramo madeya, mmene munali mutatsala matumba opanda kanthu. Anati ndisatuluke, ndisasuzumire, ndisatsokomole. Anali atamufotokozera kale Hamweemba za mwambo wa pakhomopo. Ndinakhala pansi, msana kuchitseko, n'kumamvetsera.

Ndinamva lole ikubwerera m'mbuyo, thabwa lokwererapo likugwa pansi. Ndinamva mapazi a munthu mmodzi akulowa m'khola. Ndinamva mawu achilendo akuti "Odi." Kenako zii. Ndakhalapo pamizere ya ufa, ndadikirapo kunja kwa chipatala pamene inu munkabadwa, koma kudikira kumeneko sindingakuyerekeze ndi kwina kulikonse, ndipo apa ndilibe chowonjezera. Kenako loko wa chitseko analira. Ziboda pasimenti, pang'onopang'ono. Zinadutsa pakhomo pomwe ndinali, n'kuima. Ndinatseka pakamwa ndi manja onse awiri. Ndinamva mpweya wawo pansi pa chitseko, ukuuluza fumbi la madeya kumapazi anga. Hamweemba anayankhula nawo motsitsa m'chinenero chake. Ziboda zinayambanso kuyenda, zinafika pathabwa, zinakwera. Chitseko cha lole chinatsekedwa. Injini inalira, inatalikira, inasowa.

Amene anabwera kudzanditsegulira anali Chanda. Nkhope yake inali yowala, chifukwa anagwira ntchito yaikulu, ndipo ankafuna kunditonthoza.

"Mudala, musade nkhawa. Bakwela monga bakwela basi. Sibanayang'ane na kumbuyo."

Ndinamugwira dzanja, ndinati wachita bwino. Anali atachitadi bwino, ndipo chimenecho n'chimene tinavutikira mwezi wonse. Kampani inali itatiuza kuti ntchito yathu itha Lachisanu, ndipo tsikulo linali Lachitatu, nthawi yoweruka isanakwane. Ndiye ndinatenga fosholo yanga ya nambala ija n'kulowa m'kachipinda kukachotsa ndowe. Inali ikadali yofunda.